Maenje a madzi obiriwira a ku Easdale: anakumba ndani, nanga anawasiyiranji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina yemwe akuchita maphunziro ku Glasgow. Akuti anzake anamutengera ku kachilumba kotchedwa Easdale, kumadzulo kwa Scotland, komwe anaona maenje akuluakulu odzaza madzi obiriwira m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, ndipo paliponse panali milu ya miyala yakuda yaphanthiphanthi, ina ili ndi timibulu tonyezimira ngati golide. Funso lake ndi lakuti: maenjewa ndi achilengedwe kapena okumbidwa? Ngati ndi okumbidwa, munthu wanzeru zake angakumbe bwanji pafupi chotere ndi nyanja?

Achemwali, zikomo polemba. Maenje amenewo ndi manja a anthu. Ndi migodi ya sileti, mwala womwe uja agogo athu ankalembapo kusukulu za mishoni. Ku Scotland ntchito yake yaikulu inali kufolera nyumba. Easdale pamodzi ndi zilumba zoyandikana nayo, Seil, Luing ndi Belnahua, kumwera kwa tawuni ya Oban, zinatchuka kwambiri ndi mwalawu moti zombo zinkautenga kupita ku mizinda ya Scotland, ngakhalenso kutsidya kwa nyanja ya Atlantic.

Ndiyambe ndi mwala weniweniwo, chifukwa yankho la funso lanu lachiwiri lili mmenemo. Zaka zoposa 600 miliyoni zapitazo, zomwe munapondazo zinali matope osalala omwe ankadikha pansi pa nyanja yakuya. Pansipo mpweya wabwino sunkafika, choncho zotsalira za tamoyo ting'onoting'ono sizinawole n'kutheratu. Ndizo zinadetsa mwalawo. M'matope osowa mpweya omwewo chitsulo chinagwirana ndi sulufule n'kupanga timibulu munaonato. Akatswiri amati pyrite. Si golide, pepani, ndipo mukatiyang'anitsitsa mudzaona kuti n'ta ngodya zolongosoka ngati kabokosi. Kenaka, zaka pafupifupi 470 miliyoni zapitazo, zigawo za nthaka zinawombana n'kutukula mapiri aatali. Matope aja, omwe anali atauma kale n'kukhala thanthwe, anapanikizidwa ndi kutenthedwa pansi pa mapiriwo. Tizidutswa tosaoneka ndi maso tomwe timapanga mwalawo tinatembenuka tonse n'kugona mbali imodzi. N'chifukwa chake mmisiri akaika tchizulo m'mbali n'kumenya bwino, mwala umang'aluka kukhala mapale opyapyala osathetheka.

Apa pali chinthu chomwe chimandisangalatsa nthawi zonse: mzere womwe mwala umang'alukira sutsata mmene matope anayalikirana poyamba. Umatsata komwe mphamvu yopanikiza ija inachokera. Mukadzapitanso mudzatole phale limodzi n'kuliyang'ana padzuwa. Nthawi zina mumaoneka timizere tofooka todutsa mopingasa; amenewo ndiwo magawo akale a matope.

Tsono mwala wabwinowo unapezeka kuti uli m'mphepete mwa nyanja ndipo ukulowera pansi. Okumba akale ankadikira madzi atsike, poti nyanja ya kumeneko imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, n'kuthamangira kukasema thanthwe lomwe laonekera. M'chaka cha 1745 kunakhazikitsidwa kampani yoyendetsa ntchitoyi mwadongosolo, mothandizidwa ndi mwini malo, Earl wa ku Breadalbane. Mapampu atabwera, makamaka oyendera nthunzi, anthu anayamba kuutsata mwalawo pansi, mpaka maenje ena anafika mamita oposa 70 kunsi kwa madzi a nyanja. Nyanja sinali mdani chabe. Sileti ndi katundu wolemera, ndipo masiku amenewo misewu ya kumapiri a Scotland inali yovuta. Mgodi womwe chombo chikanakocheza pakhomo pake unali ndi mwayi womwe migodi ya kumtunda inalibe.

Taganizirani moyo wa okumbawo. Munthu ali pansi pa dzenje, mafunde akumenya pamwamba pa mutu wake kuseri kwa khoma la thanthwe lomwe analisiya dala kuti litchinge madzi, ndipo malipiro ake akuwerengera pa masileti 1,000 aliwonse otuluka bwino, osati pa thukuta la tsiku. Gawo lalikulu la mwala wokumbidwa linkatayidwa. Milu munaionayo ndi zotaya zimenezo. Mudzi wa Ellenabeich, pomwe munakwerera kaboti kopita ku Easdale, poyamba unali chilumba pachokha. Anachikumba mpaka kutsala chibowo chokha, ndipo zotaya zake zinakwirira kamtsinje ka nyanja komwe kankachilekanitsa ndi Seil. Nyumba zoyera za m'mudzimo zinamangidwa pamwamba pa zotayazo.

Mu November 1881 kunabwera namondwe woopsa usiku, pa nthawi yomwe madzi anali atakwera kwambiri. Khoma la mgodi wa Ellenabeich linagumuka, nyanja n'kulowa, ndipo anthu oposa 200 anataya ntchito. Migodi ya pa Easdale inasefukiranso.

Ambiri amathera pamenepa, n'kumati nyanja ndiyo inapha ntchito ya sileti. Ine sindikuvomereza kwenikweni. Ellenabeich inatheradi usiku umenewo, koma pa Easdale ntchito inapitirira zaka zina 30, mpaka 1911. Chomwe chinaifooketsa ndi msika. Migodi ikuluikulu ya kumpoto kwa Wales inali ndi njanji, ndipo sileti yake inkang'aluka yopyapyala, yopepuka ndi yotsika mtengo. Matailosi a dongo anayambanso kulanda makasitomala. Dzenje likamazama, ndalama zopopera madzi zimakwera. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatenga amuna, mapampu a pa Belnahua anazima, madzi n'kudzaza, ndipo chilumbacho chilibe munthu wokhalapo mpaka lero. Mgodi wa Cullipool pa Luing ndiwo unalimbikira mpaka m'zaka za m'ma 1960. Pa Easdale, pomwe kale pankakhala anthu mazanamazana, panatsala anthu owerengeka ndi zala za dzanja limodzi, ngakhale kuti pano abwereranso mpaka pafupifupi 60. Galimoto kulibe, mawilibala munaona pa doko ndiwo onyamulira katundu.

Limodzi mwa maenjewo tsopano ndi bwalo la mpikisano wa dziko lonse lapansi wotsetsereza miyala pamadzi, womwe umachitika mu September. Ngati mungakopeke kusambira m'maenje ena, chonde funsani kaye eni dera. Madziwo ndi ozizira kwambiri, makoma ake ndi ophedi, ndipo pothera mwendo palibe.

Nyumba zakale za ku Glasgow komwe mukukhalako zambiri zinafoleredwa ndi sileti ya ku Scotland, ya ku zilumbazi kapena ya ku Ballachulish, mudzi wa kumpoto kwa Oban. Popeza migodi yonse inatsekedwa, denga likadontha amisiri amadalira mapale ochotsedwa pa nyumba zogumulidwa, kapena ochokera kunja monga ku Spain, omwe maonekedwe ake ndi osiyana. N'chifukwa chake anthu a ku Luing akhala akukonza zotsegulanso mgodi wa Cullipool pang'onopang'ono, kuti pakhale mwala wokonzera madenga akalewo komanso ntchito zosunga achinyamata pachilumbapo.