Voti ndilibe kuno ku Joni, nanga ndale ndizilowa bwanji?

FUNSO: Akonzi, ndine Mmalawi wa zaka 20 ndipo ndikuphunzira pa yunivesite kuno ku Joni. Aphunzitsi amatilimbikitsa kuti achinyamata tizitengapo gawo pa ndale, koma ine ndili pa viza ya sukulu chabe. Chilipo chomwe ndingachite? Wophunzira, Braamfontein.

YANKHO: Zilipo zambiri, achimwene, ngakhale kuti bungwe loyendetsa zisankho kuno la IEC limalemba m'kaundula wa voti nzika za South Africa zokha. Kwathunso kuvotera kunja kulibe. Pa chisankho cha pa 16 September 2025 munthu ankaponya voti ali m'Malawi, dzina lake lili m'kaundula wa MEC.

Apa ndi pomwe a ku Joni ambiri amaphonya. Amakwera basi sabata ya chisankho, osadziwa kuti kalembera adatha kalekale. Wa chisankho cha 2025 adachitika m'magawo kumapeto kwa 2024. Choncho ngati mukufuna kudzavota mu 2030, sungani bwino chiphaso chanu cha unzika cha NRB, muzimvetsera masiku omwe MEC idzalengeze a boma lanu, ndipo ulendo woyamba ukhale wokalembetsa.

Pasukulupo, voti ya SRC, bungwe loimira ophunzira, ndi ya ophunzira olembetsedwa, choncho musaiphonye. Werengani malamulo a SRC yanu kuti muone zofunika pa kupikisana nawo. Musaipeputse mipandoyi: zionetsero za ophunzira zokana kukwera kwa fizi za #FeesMustFall zidayambira pa yunivesite ya Wits mu October 2015, ndipo pa 23 mwezi womwewo Pulezidenti Jacob Zuma adalengeza kuti fizi sikwera mu 2016.

Pa zionetsero pokha tikuchenjezeni kwambiri. Lamulo la kuno la 1993 limafuna kuti okonza msonkhano wa pamsewu wa anthu oposa 15 adziwitse khonsolo kudakali masiku 7. Funsani ngati zimenezo zachitika musanatuluke, ndipo miyala ikayamba kuuluka chokanipo. Mnzanu wa kuno akamangidwa amatsala ndi mlandu basi, pomwe inu mlanduwo ungakusokonezereni viza ndi sukulu yomwe.

Njira yomwe ife timaikonda ndi ya kafukufuku. Afrobarometer imafunsa anthu maganizo awo pa ulamuliro, ndipo ku Malawi imagwira ntchito ndi Centre for Social Research ya University of Malawi ku Zomba. Zotsatira zake zili pa intaneti kwaulere. Tengani mayankho a achinyamata a Malawi ndi a South Africa pa funso limodzi lomwelo, muwayerekeze, kenaka mukapemphe mphunzitsi wanu kuti ukhale mutu wa ntchito yanu ya chaka chino.