Kukaona nyama ndi nyenyezi ku Iziko: muyambe ndi chiyani?

Mayi wina wa ku Cape Town watilembera pa imelo. Amaphunzitsa ana 20 a zaka 8 mpaka 13 kutchalitchi, ambiri mwa iwo obadwira komweko kwa makolo a ku Malawi. Akufuna kupita nawo ku Iziko South African Museum ndi ku planetarium yake, chipinda choonetsera nyenyezi, ndipo akufunsa kuti akonze bwanji ulendowu kuti usakhale wongoyendayenda.

Mayi, nyumbayi ili mu paki yotchedwa Company's Garden, ndipo myuziyamu yake inayamba mu 1825. Zinthu zilimo zambirimbiri, ndiye musayese kuonetsa ana zonse. Mukatero adzatopa ola lisanathe, pofika ku nyenyezi ali m'tulo. Sankhani zinthu ziwiri zokha, kenako planetarium. Imbirenitu foni kuti akusungireni malo a gulu, ndipo munthu wamkulu mmodzi aziyang'anira ana osapitirira asanu.

Yambani ndi anangumi. Mafupa a nangumi wamkulu amene apachikidwa m'mwamba ndi otalika mamita oposa 20. Musananyamuke, yezani chingwe cha mamita 20, anawo agone pansi motsatana m'mbali mwake. Adzafunika ana pafupifupi 14. Akadzaona mafupawo adzadziwa kale kukula kwake.

Koma pofunika kuchedwapo ndi pa mwana wa quagga, amene anafa kalekale koma chikopa chake anachikonza kuti azioneka ngati wamoyo. Iyi inali mbidzi ya mizere kutsogolo kokha, kumbuyo yofiirira, ndipo inkakhala m'madambo ouma a Karoo. Alimi achizungu ankaiwombera chifukwa cha nyama ndi zikopa, komanso poti inkalimbirana msipu ndi nkhosa zawo. Yomaliza inafera kumalo osungira nyama ku Amsterdam pa 12 Ogasiti 1883. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu sanazindikire msanga, chifukwa dzina loti quagga ankaitanira mbidzi iliyonse. Ankaona mbidzi zina n'kumati zikadalipo. Afunseni anawo kuti: "Mungadziwe bwanji kuti nyama ikutha ngati palibe amene akuiwerenga?" Musawayankhire, alimbane nalo okha.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina. Reinhold Rau, amene ankakonza zikopa za nyama pamyuziyamu yomweyi, anayambitsa ntchito mu 1987 yosankha mbidzi za mizere yochepa kumbuyo n'kumazibereketsa. Lero zilipo zofanana ndi quagga m'maonekedwe, ngakhale si quagga yeniyeni ija. Apa mpamene mungawauze za kwawo kwa makolo awo: zipembere zakuda zinatheratu ku Malawi chifukwa cha opha nyama mozemba, ndipo mu 1993 ziwiri zinachokera kumalo osungira nyama a Kruger ku South Africa kupita ku Liwonde. Zinatheka kubwerera chifukwa kwina zinali zikadalipo. Quagga inalibe kwina.

Tsopano planetarium. Ndi chipinda cha denga lobulungira ngati mphika wovundikira, ndipo mapulojekita olumikizidwa ku kompyuta amaonetsa thambo padenga lonselo. Zipangizo za digito anaziika mu 2017. Fikani pakhomo kudakali mphindi 15, ana apite kuchimbudzi asanalowe, chifukwa chitseko chikatsekedwa kutsegula kumalowetsa kuwala. Maso a munthu amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima kwathunthu, ndipo foni imodzi ikayaka imawonongera onse oyandikana nayo. Tolerani mafoni m'chikwama chimodzi, ozimitsa.

Khalani cha kumbuyo. Kutsogolo mwana amapinda khosi kwambiri n'kumaona mbali yochepa ya denga. Chinanso ndi chizungulire: chithunzi chikamayenda, maso amauza ubongo kuti thupi likuuluka pamene m'makutu mukunena kuti lili phee pampando. Auzenitu kuti akamva mseru atseke maso kwa kamphindi, zimatha zokha. Wamng'ono woopa mdima akhale pafupi ndi wamkulu, kumapeto kwa mzere.

Aphunzitseni mayina athu asanapite: Mlalang'amba, Nsangwe, Akamwiniatsatana, ndi Nthanda, imene kwenikweni ndi pulaneti Venus. Wofotokoza akatchula Pleiades, iwo adzadziwa kuti ndi Nsangwe. Akaloza nyenyezi zitatu zondondozana za Orion, ndiwo Akamwiniatsatana.

Posungitsa malo, pemphani ngati n'kotheka kuti akaonetse thambo la ku Lilongwe. Cape Town ili madigiri 34 kumwera kwa equator, Lilongwe 14. N'chifukwa chake nyenyezi za mtanda wa kumwera, Southern Cross, sizilowa ku Cape Town, zimangozungulira mpaka kutsika pafupi ndi pansi, pamene ku Malawi zimatuluka ndi kulowa. Ana akaona thambo likupendekeka pamene akusintha malo, amamvetsa kuti dziko ndi lobulungira kuposa mmene buku lingawafotokozere.

Usiku womwewo aliyense akaufune mtandawo pabwalo la kwawo. Magetsi a mumzinda amabisa Mlalang'amba, koma mtanda umaoneka. Atalikitse mzere wake wautali maulendo anayi ndi theka kuchokera kuphazi la mtandawo, kenako atsitse dzanja molunjika pansi. Kumeneko ndiko kumwera. Lamlungu lotsatira abwere atajambula mmene mtandawo unapendekera ndi nthawi imene anauona, muyerekeze zojambulazo.