Batire la CG125 yakale likungofa? Musagule lachitatu musanayeze

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mukuti muli ndi Honda CG125 yakale ya 6V, imalira bwinobwino mukaiponda kiki, koma batire silisunga moto, hutala ikungolira mosasa mawu, ma indiketa akuyaka osaphethira, mwasintha kale batire kawiri, ndipo makaniko wina wakuuzani kuti koyilo yapsa. Ndalama ya koyiloyo isungeni kaye m'thumba. Koyilo, waya wokulungidwa amene amapanga magetsi mu injini, imapsa ndithu, koma pa zinthu zonse zimene zimalepheretsa njinga yakale kutchaja, ndiyo imakhala yomaliza kufa. Chimene mugule lero ndi multimeter, mita yoyezera magetsi, ngakhale yotchipa ija imapezeka m'masitolo a zamagetsi ku Limbe kapena ku Malangalanga. Popanda iyo tonse pano tikungolosera.

Mudziwe kaye kuti kulira kwa injini sikukuuzani chilichonse za kutchaja. Kumanzere kwa injini, kuseri kwa chivindikiro, kuli flywheel, chigudumu cholemera chokhala ndi maginito m'kati mwake, chimene chimazungulira pamwamba pa makoyilo. Koyilo ina ntchito yake ndi kupereka moto ku pulagi basi, ndipo batire ilibe nalo ntchito. N'chifukwa chake njinga yanu imadzuka ngakhale batire litaferatu. Inayo ndi ya nyali ndi yotchajira. Magetsi ake ndi a AC, opita uku ndi uku. Nyali yakutsogolo imawalandira momwemo, koma batire limafuna a DC, oyenda mbali imodzi yokha, ndiye pakati pa koyilo ndi batire anaikapo rekitifaya. Pa CG zambiri za 6V rekitifaya imeneyi ndi diode imodzi yokha, ndipo imagwira ntchito ngati valavu ya chubu cha njinga yakapalasa: mpweya ulowe, koma usatuluke. Zonse n'zomwezo. Koyilo, rekitifaya, mawaya ndi fyuzi, batire.

Chimene amakaniko ambiri ozolowera njinga za Lifo ndi SanLG amachiphonya n'chakuti njinga zakalezi zambiri zilibe regulator. Palibe kabokosi kochepetsa magetsi akachuluka. Amene amameza magetsi otsalawo ndi batire lenilenilo pamodzi ndi mababu. Muzikumbukira zimenezi, chifukwa ndi pamene pagona mavuto ambiri amene ndikambe m'munsimu.

Yambani ndi batire, injini ili chozima. Batire la 6V lili ndi zipinda zitatu, chilichonse chimapereka pafupifupi 2.1V chikadzaza, ndiye labwino likapuma maola angapo liyenera kuonetsa 6.3V kapena kuyandikira pamenepo. Likaonetsa 6.0V latsika kwambiri. Likakhala cha m'ma 4V, chipinda chimodzi chafa ndipo palibe kutchaja kumene kungalidzutse. Koma nambala ya batire lopuma imanamiza. Siyani mita pomwepo, mutsegule kiyi, muponde buleki ndi kuimba hutala nthawi imodzi. Likagwa msanga kufika pansi pa 5V, batirelo latha ngakhale poyamba linaonetsa 6.2V. Onaninso madzi m'zipinda zonse zitatu. Mapuleti akaonekera pamtunda amachita zoyera ndipo gawo limenelo silibwereranso. Madzi akachepa thirani madzi a batire ogula m'botolo, osati a pa mjigo kapena pa mpopi, ndipo musawonjezere asidi, chifukwa chimene chimauma ndi madzi, asidi amatsala momwemo. M'nyengo yotentha ya October, makamaka ngati muli kuchigwa ngati ku Chikwawa kapena ku Salima, muziyang'ana pafupipafupi.

Ndikufunseni: mabatire awiri amene anafawo munkakawatchajitsa kuti? Ndafunsa dala. Malo ambiri otchajitsira mabatire pa msika makina awo ndi a mabatire a galimoto ndi a sola, a 12V, opopa ma amp ambiri. Kabatire ka njinga kakang'ono kamapsa pamenepo m'kanthawi kochepa. Manambala olembedwa pambali pa batire amanena zonse: 6N6 ndiye kuti 6V, 6Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire limasunga), ndipo 6N4 ndi 6V, 4Ah. Lamulo lake ndi kutchaja ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a Ah, ndiye la 6Ah lifuna 0.6A kwa maola pafupifupi 10, zotsekera zili zomasula, kutali ndi fodya kapena mbaula chifukwa mpweya wotuluka mmenemo umaphulika. Batire likatentha pogwira lili pa tchaja, lichotseni. Mwina njinga yanu ilibe mlandu n'komwe, mabatirewo anafera kotchajitsa.

Mukakhala ndi batire lodzaza bwino, ngakhale lobwereka, ndiye muyeze kutchaja. Ndi batire lakufa manambala onse amasokonekera. Ikani mita pa DC pa mitu iwiri ya batire, lizani injini. Ikamangolira yokha osakoka mafuta musayembekezere kanthu, njinga izi sizitchaja pamenepo. Kokani mafuta pang'onopang'ono mpaka injini ilire ngati muli pa liwiro la mumsewu. Nambala iyenera kukwera kuchoka pa 6.3V kufika cha m'ma 6.8V mpaka 7.5V. Yezani nyali ili chozima, muyezenso itayaka. Manambala akamangodumphadumpha mopanda tanthauzo, sunthani mawaya a mita atalikirane ndi waya wa pulagi, chifukwa mamita otchipa amasokonezeka ndi moto wa pulagi. Mita yakale ya muvi ilibe vuto limeneli.

Nambala ikapanda kusuntha, magetsi sakufika ku batire. Ikakwera mpaka 8V kapena 9V, musakondwere kuti ikutchaja mwamphamvu. Pa njinga yopanda regulator zimenezo zimasonyeza kuti batire silikumeza magetsi, mwina lauma kapena mapuleti afa, mwinanso mitu yake ili ndi dzimbiri. Ikakwera bwinobwino koma batire n'kumafabe, ndiye kuti pali chimene chikudya magetsi kuposa amene akulowa.

Tiyambe ndi pamene nambala sikusuntha. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene vuto limapezeka kawirikawiri, ndipo kukonza kwake ndi sandipepa chabe. Fyuzi ili pafupi ndi batire, ya galasi, m'kachikwama ka pulasitiki. Musaiweruze ndi maso. Kawaya kam'kati kamatha kuduka kumapeto kumene sikuoneka, ndipo timano togwira fyuziyo timachita dzimbiri lobiriwira. Iyezeni ndi mita, mupale timanoto mpaka tiwale. Mukapeza kuti wina anakulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu kapena anamangapo waya, chotsani lero lomwe. Tsiku lina mawaya onse adzasungunuka pansi pa thanki ya petulo.

Kenako earth, njira yobwerera magetsi ku negative ya batire kudzera pa feremu. Pa Honda waya wa earth ndi wobiriwira, wofiira ndi wochokera ku batire, wakuda ndi wa moto wodutsa pa kiyi. Samalani pamenepa, chifukwa pa Yamaha wakuda ndiye earth, ndipo munthu wozolowera DT kapena AG akhoza kulumikiza wakuda wa Honda ku feremu n'kupsereza fyuzi nthawi yomweyo. Pa Honda wachikasu ndi wa nyali, ndipo wotchajira kawirikawiri amakhala woyera. Komabe njinga imene yadutsa m'manja mwa anthu ambiri mitundu ya mawaya siidalirika, ndi bwino kugwira waya pa rekitifaya n'kumutsatira ndi dzanja mpaka pamene walowera mu injini. Poyenda naye choncho muzikoka pang'ono polumikizira paliponse, makamaka pokulungidwa ndi tepi yakuda. Mawaya ongopotana ndi manja amaoneka olumikizana koma m'kati ali mbuu. Yang'anitsitsani pamene mawaya atulukira mu injini pafupi ndi sprocket yakutsogolo, chifukwa tcheni chikakhwepa chimawakhula mpaka kuwadula.

Earth muyeze motere: injini ikulira, nyali itayaka, buleki mutaponda, ikani mita pa DC, mbali imodzi pa negative ya batire, inayo pa chitsulo cha injini chopanda penti. Muyenera kuona pafupifupi ziro. Mukaona zopitirira 0.2V, earth yafooka. Ngati njingayo inapentedwa feremu posachedwapa, mwina nkhani yonse ndi imeneyo, poti penti salola magetsi kudutsa. Masulani bawuti ya earth, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani, pakani girizi pamwamba.

Rekitifaya ndi yosavuta. Izuleni, ikani mita pa chizindikiro cha diode. Mbali imodzi ionetse cha m'ma 0.5 mpaka 0.7, mukatembenuza mawaya a mita isaonetse kanthu. Ikakana mbali zonse ziwiri yaduka m'kati ndipo batire sililandira chilichonse. Ikalola mbali zonse ziwiri ndiye zoipa kwambiri, chifukwa AC ikulowa mu batire ndipo magetsi a batire akubwerera ku koyilo. Njinga zakale kwambiri zimakhala ndi rekitifaya ya selenium, ya timapuleti tosanjikizana, imene imafooka ndi ukalamba ngakhale njinga ikungokhala m'nyumba. Imeneyo musalimbane nayo, sinthani. Yeniyeni ikasowa, pitani kwa okonza mawailesi mukafunse bridge rectifier ya KBPC3510. Ili ndi miyendo inayi koma inu mugwiritsa iwiri yokha: waya wochokera ku koyilo pa mwendo umodzi wa AC, waya wopita ku batire pa mwendo wa +. Mwendo wa − usiyeni osalumikiza, chifukwa koyilo yanu ili kale ndi earth ku injini, mukaulumikiza muishotetsa. Imangireni pa feremu kuti izizizira. Chimene musalole ndi kukuikirani regulator ya 12V ya njinga za kabaza poti ikulowa pa pulagi yake. Imeneyo imayamba kuchepetsa magetsi akafika cha m'ma 14V, batire la 6V litawira kalekale.

Zonsezi zikakhala bwino ndiye tifike ku koyilo ija. Zulani waya wotchajira, yezani ma ohm pakati pa iye ndi chitsulo cha injini. Nambala iyenera kukhala yaying'ono kwambiri, pafupi ndi 1 ohm kapena kucheperapo, ndipo muyambe mwagunditsa mawaya a mita okhaokha kuti mudziwe nambala yawo n'kuichotsera. Mita ikapanda kuonetsa kanthu, koyilo yaduka. Kenako lizani injini mita ili pa AC: nambala izikwera limodzi ndi mafuta mpaka kupitirira 6V patali. Ine ndimakhulupirira kwambiri babu kuposa mita pamenepa. Lumikizani babu la galimoto la 12V 21W pakati pa wayayo ndi injini. Koyilo yamoyo iliyatsa mowala mukakoka mafuta, yofooka imangolifiiritsa. Zoyesa moto pokhwecha waya pa feremu kuti muone ngati athetheka, zisiyeni, ndi zimene zimapha ma diode. Koyilo ikakhala yabwino koma magetsi ndi ochepa, ganizirani maginito. Amafooka ndi kutentha, koma makamaka ndi hamala ya anthu ochotsa flywheel pomenya m'malo mogwiritsa puller, chida chozulira flywheel. Gunditsani screwdriver pa maginito aliwonse m'kati mwa flywheel, onse akoke mwamphamvu mofanana.

Tsopano za njinga imene ikutchaja koma batire n'kumafabe. Woyamba kumuganizira ndi swichi ya buleki yakumbuyo, ija ya kasipuling'i. Ikamangidwa mothina, kapena ngati mumayenda phazi litatsamira pa buleki, nyali ya buleki imayaka ulendo wonse inu osadziwa. Babu la 21W pa 6V limakoka 3.5A. Koyilo yotchajira siifika pamenepo, ndipo batire la 6Ah lingathe musanakwane maola awiri. Muuze mwana aime kumbuyo akuuzeni ngati nyaliyo ikuzima mukasiya buleki. Kenako zimitsani kiyi, chotsani waya wa negative, ikani mita pa ma amp pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Njinga iyi ilibe wotchi kapena alamu, ndiye muyenera kuona ziro. Pakaoneka nambala, zulani rekitifaya muone ngati ithe, ikapanda kutha tsatirani chilichonse chimene chinawonjezeredwa: tinyali tokongoletsa, sipika, potchajira foni. Njingayi anaipangira hutala, ma indiketa ndi nyali ya buleki, palibe magetsi otsala oimbira nyimbo.

Mababu nawo ali ndi mbali yawo. Poti palibe regulator, Honda anawerengera kuti mababu adye gawo lakutilakuti. Babu lakumbuyo likapsa, gawo lake limapita ku lakutsogolo, nalonso n'kupsa. Mukaika ma LED amene sadya kanthu, magetsi otsala amachuluka ndipo batire limauma madzi msanga. Ikani mababu a 6V a mawati amene analembedwa pa akalewo. Musachotsenso waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati ikutchaja, mungotentha mababu. Pogula batire sankhani lothira madzi. Timabatire totseka ta 6V tija ta m'matochi akuluakulu timalowa bwino m'kabokosi ndipo n'totchipa, koma pa njinga yopanda regulator timatupa, poti mulibe pothirira madzi. Ndipo kapaipi kotulutsa mpweya m'batire kasapindike, kalozeni pansi kutali ndi tcheni, asidi amadya chitsulo.

Ena m'gulu muno akuuzani kuti mungoisintha ikhale ya 12V. N'zotheka, ndipo mababu a 6V akusowadi m'mashopu masiku ano. Koma pafunika batire, regulator, mababu onse, flasher ya ma indiketa ndi hutala, mwinanso kukulungitsa koyilo, ndipo ngati vuto lanu ndi earth ya dzimbiri mudzalipeza likukudikirani ku 12V komweko. Ikonzeni kaye itchaje pa 6V, zosinthazo muganize pambuyo.

Mukayeza, lembani pano nambala ya batire litapuma, ya pamene mwaponda buleki ndi kuimba hutala, ndi ya pamene mwakoka mafuta nyali itazima komanso itayaka. Mujambulenso rekitifaya ndi mawaya ake momwe alili musanazule kalikonse, tione ngati ili yoyenera njinga imeneyo.