Mafunso a Owerenga: Kodi Toni Morrison Anachedwa Kuyamba Kulemba?

Funso: Akonzi, aphunzitsi athu anatiuza kuti Toni Morrison, mlembi wa ku America amene analandira mphoto ya Nobel, anatulutsa buku lawo loyamba ali ndi zaka pafupifupi 40. Kodi n'zoona? Nanga zaka zonsezo ankachita chiyani? (Wophunzira, Zomba)

Yankho: Aphunzitsi anuwo sananame. Mayi Morrison anabadwa pa 18 February 1931 m'tauni ya Lorain ku Ohio, ndipo buku lawo loyamba, The Bluest Eye, linatuluka mu 1970 ali ndi zaka 39. Dzina lawo lobadwa nalo linali Chloe Wofford. La Morrison linali la amuna awo, a ku Jamaica, ndipo banjalo litatha mu 1964, mayiwa anatsala akulera okha ana aamuna awiri.

Komabe ife sitivomereza kuti anachedwa, chifukwa zaka zimenezo ankazithera m'mabuku momwemo. Atamaliza maphunziro awo ku mayunivesite a Howard ndi Cornell anaphunzitsa kwa zaka zingapo, kenaka analembedwa ntchito ya ukonzi pa kampani yosindikiza mabuku ya Random House. Tsiku ndi tsiku ankawerenga zolemba za anzawo, kuchotsa mawu osafunika ndi kumenyera nkhondo alembi achikuda kuti mabuku awo asindikizidwe. Mabuku a Angela Davis, womenyera ufulu wa anthu akuda, ndi Muhammad Ali, katswiri wa nkhonya, anadutsa m'manja mwawo, ndiponso anagwira nawo ntchito yosonkhanitsa zolemba za alembi a mu Africa, monga Chinua Achebe ndi Wole Soyinka, m'buku limodzi lomwe linatuluka mu 1972. Zawozawo ankalemba mbandakucha, ana asanadzuke, popeza kukangocha nthawi yonse inkathera kwa anawo ndi ku ofesi.

Phindu lalikulu la ntchitoyi linabwera pamene ankakonza The Black Book, buku la mu 1974 la zithunzi ndi zikalata zakale zokhudza moyo wa anthu akuda ku America. M'zikalatamo anapezamo kankhani ka m'nyuzipepala konena za Margaret Garner, mayi amene anathawa ukapolo ku Kentucky mu 1856 powoloka mtsinje wa Ohio madzi ake ataundana ndi chisanu. Omusaka atamupeza ku Cincinnati, mzinda wa kutsidya kwa mtsinjewo, Garner anapha mwana wake wamkazi wazaka ziwiri pokana kuti mwanayo abwerere ku ukapolo. Nkhaniyi inakhala mumtima mwa Mayi Morrison kwa zaka zoposa 10, ndipo ndiyo inabala Beloved, buku limene linatuluka mu 1987 n'kulandira mphoto yotchuka ya ku America ya Pulitzer chaka chotsatira. M'bukumo mwana wophedwayo amabwerera kwa amake ngati mzukwa, ndipo tikuchenjezeretu kuti si buku lowerenga mothamanga.

Ntchito ya ukonziyo anaisiya mu 1983, atatulutsa kale mabuku awoawo anayi, kuphatikizapo Sula ndi Song of Solomon. Mu 1989 anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Princeton, ndipo mu 1993 anakhala mayi wachikuda woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba. Anamwalira pa 5 August 2019 ku New York ali ndi zaka 88, atasiya mabuku ankhani zopeka okwana 11.