Amalume, Mabokosi 6 Achepa

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pasaiti tsiku lonse, foni ili m'thumba. Funso lanu ndaliona pagulupu, lakuti ofesi yanu ija ndi ya mamita 6.2 mulitali, 4.3 mulifupi, ndiye kusitolo akuuzani kuti mabokosi 6 a matailosi a kapeti akwana. Ine ndikuti gulani 7. Mundimvere kaye.

Matailosi amenewa ambiri amakhala a masentimita 50 mbali zonse, m'bokosi mumakhala 20. Muonetsetse pakatonipo ngati ndi momwemo. Akusitolowo angowerenga masikweya mita, apeza pafupifupi 27, matailosi 107, basi. Koma ife oyala timawerenga mizere. Mulitali mulowa matailosi 13, mulifupi 9, onse pamodzi 117. Mabokosi 6 ndi matailosi 120. Mwaona? Otsala atatu okha. Mpeni ukangoterereka kangapo, ntchito yaima.

Mwina mufunsa kuti 10 enawo akupita kuti. Kuyala timayambira pakati pa chipinda, tikajambula mizere ya choko, kenako n'kumapita kuzipupa. Tailosi lililonse lakuchipupa limadulidwa. Chipinda chanucho m'mbali ziwiri mukhala a masentimita 35, mbali zinazo a 40, ndiye zodukazo zimatsala tizidutswa ta 15 ndi 10, topanda ntchito. Mmisiri wanu asakunyengerereni kuti alumikiza timeneti pakhomo, timamatuka msanga anthu akamapondapo. Ndipo zipupa zathu zija siziwongoka, muyezenso kawiri, mbali iyi ndi iyo.

Tsopano chachikulu ndi ichi, amalume, chonde. Pabokosi lililonse pali nambala ya batch, ya ulendo umene ananyika utoto kufakitale. Mabokosi onse 7 akhale a nambala imodzi, muwagule tsiku limodzi, muwerenge ndi maso anu asanakweze m'galimoto. Ine zinandionekera kuno ku Johannesburg. Tinapereweredwa matailosi 8 paofesi ina, tinaitanitsa ena, dzina lomwelo, mtundu womwewo wotuwa. Ali m'manja amaoneka ofanana ndithu. Titayala, dzuwa la m'mawa litalowa pawindo, pakona ponse panaoneka ngati chigamba pathalauza. Mwini wake anakana kulipira mpaka titasintha, ndipo ine mpaka lero ndikapakumbukira mtima umandiwawa, chifukwa amene anawerenga ndinali ineyo.

Otsala 20 ndi kanthuwo sikuti mwataya ndalama ayi. Ubwino wa kapeti wamatailosi ndi womwewo: pakatayikira tiyi kapena inki, kapena pansi pa mpando wamatayala pakaperepeseka, mumangomatula limodzi n'kuikapo lina. Pakatha zaka ziwiri mtundu umenewu mwina simudzaupezanso ku Lilongwe. Muwasunge chogoneka m'bokosi mwake, pouma, osati pasimenti pachinyezi.

Eya, ndisanaiwale, kuseri kwa tailosi lililonse kuli kamuvi. Mugwirizane ndi mmisiri asanatsegule guluu, kaya mivi yonse iloze kumodzi, kaya azitembenuza limodzi limodzi. Akangosokoneza limodzi, lioneka ngati la mtundu wina.

Ngati m'chipindamo muli chipilala kapena kakhonde kolowera, munditumizire chithunzi usiku uno ndiwerengenso, mwina 7 yo ikwera. Apatseni moni azakhali.