Dzina lotchuka silimaliza gemu

Wina wandilembera imelo. Munthu amene anapanga gemu yomwe iye ankaikonda ali mwana watsegula msonkhamsonkha pa Kickstarter, webusaiti yomwe anthu amasonkherapo ndalama zoti chinthu chipangidwe, ndiye wondilemberayo akufunsa ngati mbiri ya mkuluyo ndi yokwanira kuti aponyepo madola 60. Mbiri muiyang'ane ndithu, akulu, koma ambiri mumayang'ana yolakwika. Mumawerenga dzina la pabokosi osafunsa kuti ankagwira thumba la ndalama nthawi imeneyo anali ndani.

Keiji Inafune amadziwika ndi gemu ya Mega Man. Mu 2013 anapempha madola 900,000 a Mighty No. 9, anthu n'kumusonkhera oposa 3.8 miliyoni. Gemuyo inachedwa kangapo, inatuluka mu 2016 n'kukhumudwitsa ambiri, ndipo ya pa makina osewerera a 3DS ndi Vita yomwe analonjeza sinaoneke. Mu 2015, yoyambayo isanatuluke n'komwe, kampani yake inatsegulanso msonkhamsonkha wa Red Ash. Apo anthu anakana, ndalama sizinakwane. Sikuti ananama za mbiri yake ayi. Kungoti Mega Man inapangidwa ku Capcom, komwe kunali owerengera ndalama ndi mabwana otha kunena kuti basi, lekezerani pomwepo. Pa Kickstarter bwana woteroyo kulibe. Muli inuyo, ndipo mulibe mphamvu yoletsa kanthu.

Zimandinyansa anthu akamati sakanadziwa. Peter Molyneux, wa Populous, anachita kupepesa poyera mu 2004 chifukwa zina zomwe analonjeza mu Fable munalibe. Mu 2012 anthu anamupatsabe mapaundi oposa 526,000 a Godus, yomwe sinamalizidwe pa PC mpaka inachotsedwa pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mu 2023. Chris Roberts, wa Wing Commander, naye chimodzimodzi. Gemu yake ya Freelancer inatuluka mu 2003 Microsoft itagula kampani yake, iye atachoka pa utsogoleri, zinthu zambiri zitadulidwa. Gemu yake ina, Star Citizen, inayamba kusonkhetsa mu 2012, inkayembekezeka mu 2014, yatolera madola oposa 700 miliyoni, ikadali pa alpha, kutanthauza kuti sinamalizidwe. Mbiri inalipo, inkachenjeza, koma anthu anasankha kukumbukira Wing Commander yokha.

Musati ndikunena kuti osadziwika ndiwo abwino. Yogventures inatolera madola 567,000 mu 2012, gulu lomwe linapatsidwa ntchitoyo linali lisanatulutsepo gemu, mu 2014 zonse zinathera panjira. Koma Toby Fox anapempha madola 5,000 okha a Undertale mu 2013 ali ndi demo, kachigawo kolawitsa ka gemuyo, yoti aliyense asewere. Demo imeneyo inali mbiri yolemera kuposa chikuto cha magazini chilichonse.

Ndalama zikasefukira m'pamene mavuto amayambira. Tim Schafer wa Double Fine anapempha madola 400,000, analandira oposa 3.3 miliyoni, anakulitsa gemu mpaka ndalama zinaperewera, Broken Age n'kugawidwa pawiri, 2014 ndi 2015. Ma stretch goal, malonjezo owonjezera ndalama zikapyola zopemphedwa, ndi ngongole imene wopanga amadzikongoza yekha ali m'chisangalalo. Console iliyonse yowonjezera imafuna makina ake oyeserapo, munthu wosamutsa gemu, komanso kudutsa mayeso a Nintendo kapena Sony. Matisheti ndi mabokosi amadya ndalama zotumizira. Kickstarter imatapapo 5 peresenti, okonza malipiro a makadi 3 mpaka 5, msonkho usanabwere. A Yacht Club Games, eni Shovel Knight, analemba kuti m'ntchitoyi amawerengera madola 10,000 pa munthu mmodzi pamwezi. Ndiye kuti madola 311,000 omwe anapeza mu 2013 ndi anthu asanu kwa miyezi isanu ndi umodzi basi. Gemu anatulutsa mu 2014, koma malonjezo owonjezerawo anawamaliza mu 2019. Ndipotu amenewa ndi amene anachita bwino.

Ndiye muyang'ane chiyani?

Gemu yomaliza imene gulu lomweli linamaliza, osati imene bwanayo anapanga zaka 20 zapitazo ndi anthu ena. Kampani ya Larian inasonkhetsa za Divinity: Original Sin mu 2013, inatulutsa mu 2014, kenako n'kudzapempha za yachiwiri mu 2015. Mbiri yofunika ndi imeneyo. Dinani dzina la wopangayo pa Kickstarter muone misonkhamsonkha yake yakale, muwerenge ma update ndi madandaulo a omwe anasonkha. Ngati yakale sinaperekedwe, musaponye. Gawani ndalama zopemphedwazo ndi 10,000, kenako ndi chiwerengero cha antchito. Miyezi ikapanda kufika pa tsiku lolonjezedwa, funsani komwe zotsalazo zichokere. Palibe demo kapena vidiyo ya gemu ikuseweredwa, dikirani. Khadi lanu limadulidwa tsiku lotseka msonkhamsonkha, ndiye lisanafike mutha kutsitsa kapena kuchotsa ndalama zanu. Likadutsa, Kickstarter sibweza, mudzalimbana ndi wopangayo nokha. Pa madola 60 anuwo, tengani gawo lotsika la gemu yokha, la titisheti musiye.