Chifukwa chake Homer anajambula asilikali atangokhala

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji chithunzi cha Winslow Homer, wojambula wa ku America uja, chimene mwaika pagulu pano chimatchedwa cha nkhondo, pamene mulibe woombera mfuti ngakhale mmodzi. Ine ndikuona kuti mphamvu yake yagona pomwepo.

Chithunzichi, chotchedwa Home, Sweet Home, chinaonetsedwa koyamba ku New York mu 1863, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865, ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera, ili mkati, ndipo lero chimasungidwa ku National Gallery of Art ku Washington. Homer sanachipeke m'mutu, chifukwa magazini ya Harper's Weekly inamutuma kukakhala ndi asilikali a kumpoto m'misasa yawo ku Virginia kuti azijambula zimene akuona. Zimene anaziona kwambiri kumeneko ndi kudikira: kuphika, kuchapa, kuguba m'matope, kulemba makalata ndi kudwala. Kumenyana kwenikweni kunkabwera mwa apo ndi apo, moti mwa asilikali amene anafa pankhondoyo, pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse anaphedwa ndi matenda monga kamwazi ndi taifodi, osati chipolopolo.

Tachiyang'anitsitsaninso. Asilikali awiri ovala yunifolomu yabuluu ali pakhomo pa tenti, wina waima, wina wakhala pansi. Kampoto kali pamoto, ndipo pambale pali mabisiketi olimba aja amene anali chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Anthu awiriwa sakulankhulana ndipo sakuyang'anana. Chapatali kumbuyo kuli bandi ya asilikali imene ikuimba, ndipo dzina la chithunzili ndi la nyimbo yokumbutsa kumudzi imene mbali zonse ziwiri zinkaikonda. Apa m'pamene mtima wanga umagwidwa, chifukwa Homer waika dzina lonena za kukoma kwa kwanu pamwamba pa kansalu kokhomedwa m'dothi, kamene ndiko kanali nyumba ya anyamatawa, ambiri mwa iwo atachoka kwa makolo awo koyamba m'moyo.

Ojambula ambiri a m'zaka za m'ma 1800 ankakonda kuonetsa akuluakulu a nkhondo atakwera mahatchi, mbendera zikuuluzika, ndipo zithunzi zoterozo zinkakondweretsa maboma. Homer anasankha msilikali wamba wopanda dzina. Mufufuzenso chithunzi china chake cha chaka chomwecho cha 1863, Playing Old Soldier, chimene chili ku Boston: dokotala akuyang'ana lilime la mnyamata amene akunamizira kudwala kuti apume ntchito.